Kapu yanga ya ukazitape

Mphwanga wa ku MUBAS wandiuza kuti bungwe la ukazitape la ku America, NSA, limalembetsa maluso ake ku ofesi ya mapatenti. Mu 2005 linalandira chiphaso pa njira yodziwira komwe kuli kompyuta yolumikizidwa pa intaneti. Lamulo lake n'loti wolembetsa afotokoze poyera mmene chinthucho chimagwirira ntchito, ndiye kwa zaka 20 wina asakopere popanda chilolezo. Kazitape kusindikiza chinsinsi chake!

Akuti pali nzeru. Makampani amalipira kuti agwiritse ntchito lusolo, komanso wina sangadzuke mawa n'kumati ndi lake, boma ligule. Zoopsa zenizenizo amazitsekera ndi lamulo la 1951.

Kuno kwathu timagula zopangapanga. MACRA itagula CIRMS kwa Agilis International, anthu anaitcha makina a ukazitape, nkhani mpaka kukhoti. Ine ndinali mkulu wa odandaula m'minibasi ya ku Limbe, ngati kuti pali bwana angataye magetsi kumvetsera foni yanga, yomwe ntchito yake ndi kufulasha basi.

Koma luso ndili nalo. Nyumba yathu ya lendi ku Mpingwe ndi yogundizana ndi ya aneba. Ndimatenga kapu yagalasi, kukamwa kwake kukhoma, khutu kumatako kwake. Ya pulasitiki sigwira, ndinafufuza. Ndi kapu imeneyi ndinadziwa kuti alandilodi akweza lendi iwo asanatiuze, ngakhale kudziwako sikunachotsepo tambala.

Nditanena kuti ndikalembetsa luso langali ku ARIPO, ofesi ya mapatenti ya ku Harare, mayi a kunyumba anandiyang'ana kuyambira kuphazi.

“Abambo, ya thiransipoti yofikira ku Ginnery Corner muli nayo? Ndiye mukalembe kuti mumamvetsera aneba, dziko lonse liwerenge? Bweretsani kapuyo, ndi ya alendo.”

Ndinawafotokozera monong'ona kuti ndalama za lusoli zidzabweza ngongole ya katapila, kutsalako ya ufa, poti m'thumba munali mutangotsala wophikira phala.

M'mawa mwake kunamveka odi. Mayi a kuseri kwa khoma, kambale ka ufa m'manja.

“Achimwene, kandaniko nsima ana asagone ndi njala. Koma za ku Harare zija musavutike. Khomali silinafike kudenga, ife timangomva tili chogona.”