Galimoto Yopanda Pakamwa

Lamulungu lapitali titangoweruka mapemphero, mkulu wa mpingo wina anandikokera pambali nkhope ili gwaa. "Achimwene, tinalakwirana chiyani? Lachitatu munandidutsa pa Ginnery Corner ngati ndine chitsa."

Kuwaona ndinawaona. Ndinadina pachiwongolero mpaka chala kuchita dzanzi, koma ka Vitz kanga kanangoti zii. Hutala inali itafa. Nditawafotokozera anangogwedeza mutu monga amachitira munthu akamva bodza la mwana.

Amene sanayendetsepo galimoto mu Blantyre amayesa hutala ndi yochenjezera anthu. Ayi ndithu, ndi pakamwa. Pi kamodzi ndi moni. Pi-pi ndiye kuti mlonda dzuka utsegule geti. Piiii wautali ndi mawu aja sitingawalembe pano, okhudza makolo a munthu. Ukaima pa maloboti, wakumbuyo kwako amaliza hutala nyali yobiriwira isanaganize n'komwe zoyaka. Tsono a minibasi ku Limbe! Awa amaliza kuyambira tambala woyamba. Amaimbira munthu amene akulowera kwina, amaimbira mayi amene ali pakhonde pake akutsuka mbale, amaimbira ngakhale wosenza chitseko, ngati kuti angamupezere mpando. Ndinaonapo wina akuimbira galu. Mabuleki a minibasi atha kutha, chitseko n'kumangidwa ndi chingwe, koma hutala yokha siidwala. Ine ndekha mumzinda wonse ndinali wosalankhula, wa kabaza akundipita mphepete n'kundipala kalilole, ine n'kumangotsegula pakamwa m'kati mwa magalasi ngati chambo.

Lolemba ndinalawirira ku Ndirande kwa makaniko wina wa pansi pa mtengo. Mkuluyu boneti sanatsegule. Anayang'ana nsapato zanga, kenako wotchi, matenda n'kuwapeza pomwepo.

"Bwana, apa nkhani ndi yaikulu. Tichotse chiwongolero."

Anati kuseri kwa chiwongolero kuli kalamba ka mawaya kokulungidwa ngati nkhata, amakatcha clock spring, kamene kamapereka moto ku batani la hutala ndi ku airbag pamene chiwongolero chikuzungulira. Zoona zake kaliko, ndipo kamaduka. Koma kakaduka nthawi zambiri nyali ya airbag imayaka, ndipo yanga inali yozima. Nditanena zimenezi anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro. "Ndiye mwabwereranji ngati mukudziwa?" Mtengo umene anatchula, kwathu kumudzi ndi mbuzi ya bere.

Apa n'kuti aphungu atasonkhana. Pagalaja iliyonse pamakhala anthu amene ntchito yawo ndi kuima manja kumbuyo. Wootcha chimanga anati ndi batire, ngakhale galimoto inali italira kamodzi n'kamodzi pamaso pake. Wina wovala jekete dzuwa lili pamutu anati magalimoto a ku Japan akadutsa pa Dar es Salaam amamwa mphepo ya m'nyanja. Wachitatu anandinong'oneza kuti ndifufuze bwino kwa achibale, poti galimoto siingotseka pakamwa yokha. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo ali ndi njinga.

Mkulu uja anali atayamba kale kutokosa chiwongolero ndi sikuludiraiva pamene foni yake inalira, n'kupita kuseri kukakangana za ngongole. Mpamene kamnyamata kake kogwirizira masipanala, kovala ovolosi yofika m'mawondo, kanatsegula boneti mwakachetechete. Kanavundukula kabokosi kakuda ka mafyuzi, n'kuzula kafyuzi kofiira kolembedwa 10, n'kukayang'anitsa padzuwa. Kawaya ka m'kati kanali kosaduka.

"Tadinani, madala."

Ndinadina. M'kabokosi muja munamveka kuti thi, thi.

"Relay ikugwira. Ndiye kuchiwongolero kulibe mlandu."

Kanagona pansi n'kupisa dzanja kuseri kwa bampala kumene hutala imakhala, malo amene matope onse a dzinja amafikira. Hutala ya mtundu uwu ili ndi waya mmodzi wobweretsa moto, ndipo motowo umabwerera kudzera pa bawuti imene yaimangirira ku chitsulo cha galimoto, amati efi. Bawutiyo inali itadyedwa ndi dzimbiri. Kanamasula, kupala ndi sandipepa mpaka chitsulo kuwala, kumanganso. Nditadina, wa chimanga uja anagwetsa chokupizira mbaula.

Mkulu uja anatulukira akupukuta manja amene sanagwire kanthu. "Ndi zomwe ndimanena zija, bwana. Efi." Analipiritsa ya ntchito, ya sandipepa, ndi ina imene anati ndi ya nzeru. Mnyamatayo sanamuyang'ane n'komwe. Zinandiwawa, chifukwa mzinda uno wadzaza ndi ana otere, odziwa ntchito koma odya fungo lokha, pamene wa pakamwa ndiye amapinda ndalama. Ndinamupatsira ya tchipisi kuseri kwa galimoto, iye n'kulandira ndi manja awiri. Anayamba kunena kanthu za chiwongolero chimene abwana ake anachisiya chosamanga bwino, koma ine chimwemwe chinali chitanditseka makutu.

Ndinaimbira aliyense m'njira. Ndinabwezera wa minibasi wina ngongole ya sabata yathunthu.

Pokhota kulowa m'kanjira ka kwathu ndinapeza masamba ataikidwa pamsewu. Maliro. Ndinachepetsa liwiro, kuzimitsa wailesi, kuvula chipewa, n'kupinda chiwongolero kumanzere. Hutala inayamba yokha. Piiiiiii! Ndinamenya chiwongolero, iyo n'kuwonjezera. Amayi anasiya nyimbo pakati, azibambo pamabenchi onse kutembenuka, ine thukuta kamukamu ndikufufuza chotsegulira boneti kuti ndikazule kafyuzi kofiira kaja.

Pagulupo panadzuka munthu mmodzi, Baibulo kukhwapa, n'kubwera pang'onopang'ono mpaka pawindo. Mkulu wa mpingo uja.

"Achimwene," anatero atawerama, "moni taumva. Komatu kamodzi kakanakwana."