Kapimidwe ka Galimoto Yamgonagona Mafuta Akaleka Kukwera

Galimoto zambiri zamgonagona, monga Peugeot 504 yomwe inayamba kupangidwa mu 1968, zimayendera kabureta. Petulo amachoka m'thanki kudzera m'paipi, n'kudutsa pa sefa, ndipo pampu ya m'mbali mwa injini imamukankhira ku kabureta ndi mphamvu yochepa, 0.2 kapena 0.3 bar basi. Mphamvuyi ikatsika, injini imalira bwinobwino galimoto itaima, koma ikangoyamba chitunda imatsokomola, kudukiza, kenako kuzima. N'chifukwa chake matendawa amakonda kugwira pa msewu wa Masauko Chipembere, pokwera kuchoka ku Blantyre kupita ku Limbe, nthawi yoweruka, mboni zili mbwee.

Kupima kumayamba ndi kutsegula boneti. Mwini galimoto nthawi zambiri sadziwa chomwe akuyang'ana mmenemo. Amangofuna kuti aminibasi oliza hutala kumbuyo adziwe kuti vuto ndi la chitsulo, osati la m'thumba. Boneti ikangoyasama, akadaulo amabwera osaitanidwa. Woyamba amagwedeza nthambo ya batire. Wachiwiri, nkhuku ili m'khwapa, amagamula kuti ndi mapulagi, poti malume ake anali nayo yotereyi. Sipalephera wina wofunsa motsitsa mawu ngati bwana sanayambane ndi munthu kumudzi chaposachedwa.

Mabuku a umakaniko amati kupima kuyambire ku thanki. Mwambo wa m'tauni umati funso limenelo libwere pomaliza, chifukwa kufunsa munthu wa tayi ngati ali ndi mafuta n'kumuvula pagulu. Iye amaloza geji, yomwe inakakamira pakati zaka zapitazo, n'kunena kuti, "Ndathira dzulo lomweli, madala." Anathira wa ndalama zingati sanena, ndipo woleredwa bwino safunsa.

Makaniko weniweni akapezeka, amazula paipi yolowa mu kabureta, kuilowetsa m'botolo, n'kuti, "Talizani, bwana." Pampu yamoyo imalavula petulo mwamphamvu motsatizana, yodwala imangodontheza. Akaona kudontha, amalondola njira ya mafuta chobwerera. Sefa imatsekeka ndi dzimbiri la m'thanki, kapena zinyalala za petulo wa m'zigubu wogula nthawi ya mizere ya mafuta. Paipi ya labala ikang'aluka imakoka mpweya. Chivindikiro cha thanki chikati fuu pochitsegula, ndiye kuti kabowo kopumira katsekeka. Choopsa kwambiri ndi kachikopa ka m'kati mwa pampu: kakang'ambika, petulo amatsikira mu oyilo. Makaniko amazindikira ponunkhiza kandodo koyezera oyilo, komwe kamaonetsanso kuti oyiloyo akuchuluka yekha. Eni galimoto ena amayesa madalitso, mpaka tsiku lomwe injini igogoda.

Mu Okutobala muli nthenda ina. Petulo amawira m'paipi chifukwa cha kutentha, pampu n'kumakankha nthunzi yokhayokha. Mankhwala ake ndi chinsanza chonyowa pa pampu, ndi kudikira. Makaniko wodziwa ntchito sadikira manja ali m'thumba: amagogodagogoda sipanala uku akupukusa mutu, chifukwa palibe bwana amalipira chinsanza.

Kukoka petulo ndi pakamwa ndi ntchito ya mnyamata wophunzira, yemwe amalavula mwaulemu, kutali ndi nsapato za bwana. Mchitidwewu ndi woopsa, poti petulo akalowa m'mapapo amavulaza. Pampu ikakhala yafa ndithu, amamanga chigubu padenga, paipi n'kutsika nayo mpaka pa kabureta, mafuta azitsika okha. Njirayi imagwira, ngakhale ndi yoitana moto. Amati ndi yongofikira kugalaja, koma chigubu chimatha kukhala padengapo mpaka mvula yoyamba.

Injini ikalira, imafika nthawi ya malipiro. Okankha galimoto amafuna ya madzi, wa batire uja amakumbutsa kuti ndiye anayamba kugwira, ndipo wa nkhuku amaima chapafupi osanena kanthu, dzanja lina lili poyera. Zikakhala kuti vuto linali thanki youma, mwambo umafuna kuti mnyamata atumidwe mwakachetechete ndi chigubu kumalo omwetsera mafuta, kenako makaniko alengeze mokweza kuti, "Inali pampu, bwana, zakalezi n'zovuta." Mawu amenewa ali ndi mtengo wake, ndipo amauwonjezera pa bilu.