Tiwaombere m'manja a Mphanda

Mumzinda uno anthu otchuka tidawapatsa ulemu wawo. Chilembwe ali pandalama, Chipembere ali ndi msewu wake waukulu. Koma ngwazi imene imasunga ulemu wa munthu m'chiuno palibe adaiimbirapo nyimbo. Ndikunena a Mphanda, kamtengo ka nyanga ziwiri kolukira chingwe, kamene Angerezi amati lucet.

Musawaderere poona msinkhu. Ku Ulaya m'zaka za m'ma 1700 ankawasema ndi mafupa, nyanga, ngakhale minyanga ya njovu, ndipo madona ankalukira zingwe zomangira zovala ndi timatumba ta ndalama. Makina atabwera, adawaponya m'bokosi. Kwathu kuno a Mphanda safuna matama otere. Amabadwira mumtengo wa gwafa kuseri kwa bafa, pomwe nthambi idagawikana pawiri. Anyamata a ku Chilomoni akawaona amangoganiza za legeni ndi mbalame za m'phiri la Michiru, osadziwa kuti anyamula fakitale yathunthu m'manja. Anzathu a ku Ndirande, poti phiri lawo lidametedwa mpala, asadandaule: atenge foloko yakale, athyole mano awiri apakati, basi a Mphanda abadwa.

Nanga kagwiridwe kawo ka ntchito! Mumatenga ulusi umodzi, kaya wophwasula ku juzi ya kaunjika, kaya wosolola ku thumba la feteleza, n'kuuzunguliza panyanga ziwirizo ngati mukulemba 8. Wapansi mumaudumphitsa pamwamba pa unzake kuti uvuke panyanga, mukoke pang'ono, mutembenuze kamtengo, mubwerezenso. Dumphitsa, koka, tembenuza. Pakati pa nyangazo pamatsika chingwe cha ngodya zinayi, cholimba, chotanuka pang'ono. Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe. A Mphanda adamva mwambiwo asanaphuke n'komwe, n'chifukwa chake adamera nyanga ziwiri.

Tili ndi fakitale ya nsalu ya Mapeto ku Makata, tilinso ndi ya zoluka ku Bangwe, ndipo timazinyadira. Koma fakitale imafuna makoma, antchito ndi alonda. A Mphanda ofesi yawo ndi pakhonde, nyumba yawo ndi m'thumba la malaya. Magetsi akazima iwo ntchito ili m'kati. Pamzere wa mafuta simudzawapeza. Sadanyanyalepo ntchito, sadapemphepo alawansi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sopo, shuga ndi minibasi zonse zidakwera mtengo. A Mphanda okha sadakweze mtengo, pakuti iwo eni ake ndi mtengo.

Ine ndidawadziwa pa tsiku la tsoka. Ndinkatsika minibasi ku Zingwangwa, dzanja lina jumbo ya bonya, lina ambulera, pamene lasitiki ya buluku langa idataya mtima. Ndidafika kunyumba ndikuyenda ngati bakha, chigongono chitapana m'chiuno, amayi ogulitsa tomato akuyang'ana kumbali mwaulemu koma mapewa akugwedezeka. Madzulo omwewo ndidakathyola gwafa. Kuyambira pamenepo buluku langa silidayesekonso kundisiya pagulu.

Adani awo amati a Mphanda ndi ochedwa, kuti ungayambe tambala akulira mpaka dzuwa kupendeka chingwe chisanakwane chomangira mbuzi. N'zoona, koma kodi mukuthamangira kuti? Kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa. Munthu amene manja ake ali pa ulusi sagwira foni, sabetcha mpira, salozanso chala nyumba ya mnzake. Ena amadandaula matuza a pachala. Amenewo si matuza, ndi mamendulo. Enanso amati chingwe cha pamsika n'chotsika mtengo. Chabwino, koma chikaduka mukadandaula kwa yani? Cha a Mphanda chikaduka, mwini fakitale muli naye pafupi: ndinu nomwe.

Tsono ndikupempha akuluakulu a mzinda uno kuti pa raundabauti ina, ngakhale panjira ya ku Machinjiri, aimike chipilala cha nyanga ziwiri. Simenti siifunika, ingobzalani gwafa, adzadzimanga okha. Ndipo inu owerenga, musanaseke, gwirani kaye m'chiuno. Ngati lasitiki yayamba kulobodoka, pitani kuseri kwa bafa mukawapepese a Mphanda lero lomwe.