Maso a nkhono ndi kanyama ka m'botolo

Kuyeza khansa mu labotale ndi ntchito imene inatenga mwambi wakuti "kuona maso a nkhono n'kudekha" n'kuusandutsa ndondomeko yomata pakhoma. Makolo ankanena za nkhono ya m'dimba, imene imabweza tinyanga take munthu akangoigunda ndi chala. Lero nkhonoyo ndi chotupa, ndipo wodekhayo wavala magolovesi.

Ku Battlefields, pamsewu wochokera ku Harare kupita ku Bulawayo, pakati pa Kadoma ndi Kwekwe, phunziroli si lachilendo. Dzina la malowa ndi lonyenga kale: silinachokere ku nkhondo yomenyedwa pomwepo, koma azungu ofuna golide ankatcha migodi yawo mayina a nkhondo zotchuka monga Trafalgar. Adzukulu a Amalawi amene anadzagwira ntchito m'migodi ya Kadoma ndi Chegutu amadziwanso kuti mwala sugulidwa chifukwa chonyezimira. Umasinjidwa, n'kutsukidwa m'mbale, ndipo golide, ngati alimo, amaonekera pomalizira penipeni. Chotupa nachonso sichiweruzidwa ndi maso kapena ndi mphekesera za m'basi.

Poyamba dokotala amadulako kanyama, nthawi zina kochepa ngati njere ya mpunga, n'kukaponya m'botolo la mankhwala a formalin kuti kasawole. Kamakhala mmenemo maola osachepera 6. Pofika nthawiyi achibale amakhala atapeza kale matendawo: azakhali akuti n'kulodzedwa, mlamu waona zofanana nazo pa WhatsApp, ndipo mnzake wa kutchalitchi wabwera ndi masamba owiritsa. Kanyamako sikamva zonsezi, kali phee m'botolo.

Kenaka kamaviikidwa mu mowa wa m'labotale, wocheperako mphamvu poyamba, waukali pambuyo pake, mpaka madzi onse atachokamo. Kakatero kamalowetsedwa m'phula losungunula, ndipo phulalo likauma pamatuluka kachibuma kolimba. Makina otchedwa microtome ndiwo amasenga kachibumako, ndipo kagawo kamodzi n'kopyapyala moti milimita imodzi ingatulutse tizigawo pafupifupi 250. Ngakhale mayi wogawa nkhuku imodzi pamaliro a mudzi wonse sanafikepo pamenepa.

Kagawoko kamayalidwa pagalasi, phula n'kuchotsedwa, kenaka kamapakidwa utoto wa mitundu iwiri. Haematoxylin, wochokera ku mtengo wina wa ku Central America, amadetsa phata la selo kukhala lobiriwira modera. Eosin amafiiritsa pang'ono mbali zotsalazo. Apa m'pamene katswiri amakhala pansi ndi maikulosikopu. Amafufuza maselo osamva mwambo: a phata lalikulu mopitirira, oswana mosalekeza, odumpha malire n'kukalima m'munda wa eni. Akatswiri oterewa ndi ochepa, ndipo ambiri ali ku Harare ndi ku Bulawayo, choncho wodwala wa ku Battlefields amadekha kawiri, kudikira ulendo wa botolo ndi kudikira mzere wa magalasi. Kudekha kwachiwiriku mwambi sunakulamule. N'kuchepa chabe kwa anthu ndi zipangizo.

Pali malo amodzi pamene mwambiwu umasiya kuphiphiritsa. Nkhono za m'madzi za mtundu wa Bulinus zimasunga tizilombo ta likodzo, ndipo mazira a tizilomboti akakhala zaka zambiri m'khoma la chikhodzodzo angayambitse khansa. Ofufuza a ku Blair Research Laboratory ku Harare anathera zaka akutola ndi kuyeza nkhono zenizeni. Zawozo zinali zovuta kuposa za makolo, pakuti nkhono ya m'madziyi maso ake ali patsinde pa tinyanga, osati kunsonga. Kuyeza wodwala nakonso kuli ndi nthawi yake: mkodzo umatengedwa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, pamene mazira amatuluka ambiri. Mamililita 10 amasefedwa, ndipo dzira la tizilomboti limadziwika ndi kaminga kumapeto. Wolawirira mbandakucha ndi kabotolo kake, poganiza kuti akuonetsa khama, angabwezedwe kuti akadikire dzuwa likwere.

Osadekha ali ndi kachitonthozo kamodzi. Khansa ya khomo la chiberekero, imene imagwira amayi ambiri ku Zimbabwe kuposa khansa ina iliyonse, imayezedwa m'zipatala zambiri ndi njira ya VIAC. Namwino amapaka pakhomopo viniga wosungunula, wa mphamvu ya 3 mpaka 5 peresenti, m'bale wake wa uja wothira pa tchipisi. Malo okayikitsa amayera, kamera n'kujambula. Koma ngakhale pamenepa namwino amadikira mphindi yathunthu akuyang'ana wotchi, ndipo akaona malo ooneka ngati khansa yayamba kale, salengeza chigamulo. Kanyama kamadulidwa, n'kulowa m'botolo la formalin.