Dokotala Wosagwira Pamphumi

Chisamaliro choyambirira cha zaumoyo, chimene mayiko adagwirizana kuchilimbikitsa pamsonkhano wa ku Alma-Ata mu 1978, ndi thandizo limene wodwala amalipeza pafupi ndi kwawo, ndipo m'Malawi muno chimazindikirika ndi benchi la pachipatala chaching'ono, kabuku kakuchipatala kothothoka chikuto, ndi mzere woyamba mbandakucha. Mu 2022 kudabwera ChatGPT, mtundu wa luntha lochita kupanga, ndiko kunena pulogalamu ya kompyuta imene idamwetsedwa zolemba zankhaninkhani mpaka idaphunzira kulosera mawu oyenera kutsatira anzake. Makina otere amayankha molimba mtima pamene akudziwa ndi pamene akungopeka, khalidwe limene mlembi wa danga lino sangalinyoze kwambiri popeza ndilo limamudyetsa.

Mlembiyu, amene amatuluka thukuta akangoona namwino akung'amba kapepala ka singano, ali m'gulu la odwala amene adalandira makinawa ndi manja awiri, chifukwa satopa, sakalipa, ndiponso safunsa chifukwa chimene munthu sadamalizire mankhwala a LA ulendo watha. Mutu ukamuwawa Lolemba m'mawa, iye amafotokozera foni zizindikiro zonse kupatula za kumene adaswera Lamulungu, ndipo pamndandanda wa matenda umene amapatsidwa amasankhapo a dzina lalitali, poti matsire ndi nthenda yosayenera munthu wolemba m'nyuzipepala. Chomukhumudwitsa n'chakuti bandulo ikamatha, makinawo amamulangiza mwaulemu kuti apite kuchipatala, kumene iye amathawa, popeza malungo satsimikizika ndi Chingerezi chosalala koma ndi kadontho ka magazi a pachala.

Bungwe la World Health Organization lidachenjeza mu 2024 kuti makina otere angathe kupereka mayankho abodza kapena okondera, ndipo anthu angawakhulupirire mopitirira muyeso. Kumene makinawa aonetsa phindu, monga m'zipatala za Penda Health ku Nairobi, ntchito yawo ndi yokhala pambali pa wachipatala n'kumamukumbutsa akaphonya kanthu, osati kulowa m'malo mwake. Ngakhale nambala yaulere ya Chipatala cha pa Foni imayankhidwa ndi anthu ophunzira zaumoyo, koma mlembiyu amaizemba pozindikira kuti munthu amamva mawu a wodwala, ndipo sachedwa kufunsa kuti, "Kodi bambo, dzulo munamwa chiyani?"