Chala cha Amalume

Akuluakulu amene anati chala chimodzi sichiswa nsabwe sanaone kamakina kali pageti la fakitale imene amagwirako ntchito amalume anga ku Makata. Kameneka kamangofuna chala chimodzi basi. Ukadinda n'kulira kuti pii, ndiye kuti tsiku lako lalembedwa. Ukapanda kudinda, ngakhale uthyoke msana ndi matumba mpaka dzuwa kulowa, kuofesi amati unajomba.

Kale kudinda chala kunali kwa anthu osapita kusukulu. Agogo ankachita manyazi kupakidwa inki anzawo akusaina. Lero bwana wa tayi ndi madigiri awiri naye amaima pamzere womwewo n'kudinda. Akanakhala moyo agogo, bwenzi akuseka mpaka kutsamwa.

Vuto n'lakuti chala cha amalume chinatha. Matumba, girisi ndi sopo wa zaka zambiri zinafufuta timizere tonse, chala chinangoti see ngati mwala wa mumtsinje. M'mawa uliwonse kamakinako kamawakana. Amachipukuta paovolosi, kuchiuzira mpweya, kuchikhutiza pamphumi kuti chitengeko mafuta, mwina kuchinyambita kumene. Kumbuyo mzere ukungotalika, mnyamata wina n'kufuula, "Madala, yesani china, chimenecho chinapuma pantchito!" Mapeto ake kapitawo amatulutsa kope lake lakale lija n'kuwalemba ndi cholembera.

M'kati mwa fakitale chala chili ndi ufumu wina. Pambali pa makina anamangirirapo tabuleti. Makina akayamba kutsokomola, suthamanganso kukasaka makaniko kuseri kwa sitolo kumene amabisala ndi tiyi. Umagunda pasikirini, uthenga n'kufika pafoni yake, ya kapitawo ndi ya bwana yemwe, ndipo nthawi imalembedwa, moti palibenso zoti "sindinauzidwe". Apa ndiye ndimaiyamika nzeruyi, chifukwa kale mlandu wa makina oima unkagwera wamng'ono nthawi zonse. Koma amene anaikonza ayenera kuti sanavalepo magolovesi a kufakitale. Sikirini siimva chala chovala. Uyambe wavula, upukute girisi, kenaka ugunde, uku makina akutafuna katundu.

Zoti wantchito wapansi akhale ndi mphamvu yoitana akuluakulu sizinayambe ndi tabuleti. Ku Japan, Sakichi Toyoda anamaliza mu 1924 makina oluka nsalu amene ankaima okha ulusi umodzi ukaduka. Pambuyo pake kampani ya Toyota, eni ake a Hilux imene imatipitirira ndi fumbi m'misewu muno, inapachika chingwe pamwamba pa mzere wopangira magalimoto. Aliyense woona cholakwika amachikoka, nyali n'kuyaka pabolodi, mtsogoleri wa gulu n'kubwera chothamanga. Vutolo likapanda kutha msanga, mzere umaima. Dongosololi amalitcha andon, mawu a nyali ya pepala m'Chijapanizi. Ine chimene chimandigwira mtima si chingwecho ayi, koma kuthamangako. Kukoka n'kosavuta, ngakhale mwana amakoka mchira wa mbuzi.

Kwa amalume, tsiku lina lamba wa makina anaduka. Anavula golovesi, anagunda, uthenga unapita bwinobwino. Makaniko foni inali patchaji m'kachipinda ka alonda. Bwana anali mumsonkhano wokambirana za kufulumira kwa mauthenga. Amene anabwera ndi anzawo atatu omwe anamva phokoso ndi makutu awo: wina kugwira mota, wina kukoka lamba, wachitatu kuunikira ndi tochi ya pafoni. Pofuna kuona nambala ya lambayo pachithunzi, anapeza kuti timalemba n'tating'ono ngati mazira a nsabwe. Kuti tikule, sikirini inafuna zala ziwiri. Amalume akuti anaseka okha pamenepo, anyamatawo osadziwa chimene chawaseketsa.

Makinawo tsopano anawaika timasensa toyeza kutentha ndi kunjenjemera, toti tizichenjeza beringi isanafe. Amalume ntchito imeneyi akhala akuichita ndi sikuludiraiva: nsonga pachitsulo, chigwiriro kukhutu, n'kunena kuti iyi sifika Lachisanu. Mainjiniya achinyamata ataona kuti madala ndi sensa akugwirizana, ndipo nthawi zina madala akuyamba ndiwo, anabwera mwaulemu. "Bambo, tikujambuleni kavidiyo kuti obwera kumene aziphunzirirapo."

Anavomera, atayamba apempha ovolosi yatsopano. Komatu ovolosiyo sinaoneke n'komwe, wojambula analunjika pamanja pokha. Ndiye lero aliyense wolowa ntchito pamakinawo amaloza kamera ya tabuleti pa QR code yomatidwa pachitsulo, kavidiyo n'kutseguka. M'menemo muli chala chosalala chija, chikuloza nati yoyamba kumasula, chikugogoda pamene girisi amalowera, chikuwagwedezera kuti apa osagwirapo. Anyamata onse a shifiti ya usiku amachizindikira akangochiona. Kamakina ka pageti kokha ndi kamene mpaka lero kakuti munthuyu sikamudziwa.