Alemekezeke a Bakiteriya, Eni Zipululu za Kumwamba

Aliyense wogula gemu ya Elite Dangerous kuti akasake zamoyo za kumaiko ena amanyamuka atajambuliratu chilombo m'mutu mwake. Wina amayembekeza chamaso khumi, wina mtengo woyenda, wina ma Thargoid aja, adani a anthu amene zombo zawo zimatambasuka ngati maluwa zisanayambe kulavula moto. Akafika amapeza banga pansi. Banga lafulati, losayenda, losalira, lovala mtundu wa dothi lomwe lagonapo. Amenewo ndiye a Bakiteriya, ndipo lero ndaimirira kuti ndiwalankhulire, chifukwa chipongwe chomwe osewera amawachitira chafika posauzana.

Tiyambe ndi mbiri ya ufumu wawo. Gemuyi ndi ya kampani ya Frontier Developments ya ku Cambridge, ku England, yomwe anayambitsa David Braben, bambo uja amene pamodzi ndi Ian Bell anatulutsa Elite yoyamba mu 1984. Yamakonoyi inatuluka mu December 2014, ndipo muli mlalang'amba wathu wonse wathunthu, magulu a nyenyezi okwana 400 biliyoni. Kwa zaka zingapo anthu ankauluka, kuchita malonda ndi kuwomberana. Mu May 2021 kunabwera gawo lowonjezera la Odyssey, lomwe linalola munthu kutsika m'chombo n'kuponda dothi ndi mapazi ake pa mapulaneti okhala ndi mpweya pang'ono. Tsiku limenelo ndi lomwe a Bakiteriya analongedwa ufumu. Anzathu a PlayStation ndi Xbox tiziwapepesa, chifukwa mu 2022 kampaniyo inalengeza kuti Odyssey sifika kwawoko, moti mpaka pano sakudziwa kukoma kotong'ola maso pa sikirini ola lathunthu kufunafuna banga.

Kukaonana ndi akuluakuluwa sikufuna zambiri. Mugule suti ya Artemis kusitolo ya Pioneer Supplies, pa mtengo wa makirediti 150,000. Imabwera ndi kachida kotapira zamoyo, kogwirira m'manja. Pachombo chanu muikepo makina oponya timivi tojambula nthaka, kenako muyambepo ulendo. Mukafika pa nyenyezi yachilendo mumaliza hutala, momwe osewera amatchulira kamakina kolira kaja kamene kamawerenga mapulaneti onse ozungulira pamenepo, ndiyeno mumawasuzumira limodzilimodzi. Pakapita nthawi limodzi lidzakuonetsani kuti lili ndi chizindikiro cha zamoyo, ndipo pambali pake padzakhala nambala: 1.

Wosewera wakale akaona nambala imeneyi amatsonya n'kudumphira kwina, chifukwa amadziwa kuti pulaneti la chamoyo chimodzi pafupifupi nthawi zonse mwini wake ndi a Bakiteriya. Ine pamene ena amatsonyapo mpamene ndimaonapo ukulu. Zamoyo zina zonse za mugemuyi n'zamatama. Stratum safuna kuzizira kwambiri. Osseus amafuna pamiyala. Fungoida amakonda kumapiri, kumene chombo chimakana kutera. Electricae ndiye amachita kusankha mtundu wa nyenyezi, apo ayi pakhale pafupi ndi mitambo ya fumbi la m'mlengalenga. A Bakiteriya alibe zoterozo. Mpweya wa argon aliko, wa neon kumaiko oundana aliko, wa ammonia aliko, wa sulfur dioxide umene ungakupsereze mapapo aliko ndithu. Kumene anzawo onse anakana kuti kuno sikokhalika, iwo anayala mphasa n'kugona. Inu mwadutsa nyenyezi zambirimbiri osaona kanthu, ndiye mukunyoza yekhayo amene wakudikirirani?

Kuwolowa manja kwawo kumaonekera pa mapu. Timivi tija tikamaliza kujambula, kompyuta imapaka utoto wabuluu malo amene chamoyo chilichonse chingapezeke. Zamoyo zinazo zimangopatsidwa tizigawo, apa kachigwa, apo kamtunda. Mukasankha a Bakiteriya, kawirikawiri pulaneti lonse limasanduka labuluu, kuchokera kumpoto mpaka kummwera. Ndi mwini mudzi uti wina amene angakuuzeni kuti paliponse mungafike ndi pakhomo panga? Chokhacho n'chakuti utoto umenewu umanena kuti akhoza kupezeka, sunena kuti alipo. Apa ndiye pamene maphunziro enieni amayambira.

Mumatsitsa chombo mpaka mimba yake itatsala pang'ono kukhula miyala, n'kuweramitsa mphuno yake kuti muzionera pagalasi la kutsogolo, kenako n'kumayenda pang'onopang'ono. Nkhope yanu imasendera yokha kufupi ndi sikirini. Pansi pali dothi lotuwa, timiyala, dothi lotuwa lina. Mwadzidzidzi mukuona kamalo kodererako pang'ono, kangati pamene mayi anakhuthulira madzi otsukira mbale m'mawa, dzuwa n'kupaumitsa. Mtima phaa! Mukutera, mukutsika, mukuthamanga modumphadumpha poti kumeneko thupi limapepuka, mukuloza kachida kaja. Zii. Linali dothi basi. Mukubwerera kuchombo mutu uli pansi, ndipo mwina mpamene mukuzindikira kuti chombo chanucho mwachiteretsa pamwamba pa a Bakiteriya enieniwo, miyendo yake itawaponda pamsana, iwo osadandaula n'komwe.

Kudzichepetsa kotere mudzakupeza kuti? Cactoida amaima njo kuti aliyense amuone. Tubus amatalika moti mumamuonera kutali. A Bakiteriya alibe ngakhale chithunzithunzi, poti chinthu chogona fulati sichitchinga dzuwa. Pa dziko la madzi oundana amatha kuyera ngati madzi oundanawo, pa dziko lofiirira n'kufiirira nawo. Sapikisana ndi wina aliyense. Amene akuwafuna awafune ndi mtima wonse.

Mukawapeza musafulumire kusangalala, chifukwa kutapa kamodzi sikukwanira. Lamulo ndi lakuti mutape katatu, ndipo malo otapapowo atalikirane. Kwa Fumerola ndi mamita 100 okha. Kwa Aleoida ndi 150, kwa Tussock ndi 200. Kwa a Bakiteriya ndi mamita 500, ndipo banga lina likakhala pafupi kuposa pamenepo, kachida kamakana n'kunena kuti awa ndi a banja limodzi. Alipo ena amene amafuna mtunda woposa apa, monga Osseus wa mamita 800, koma uyo amaoneka. Akuluakulu athuwa amafuna kuti muwataye dala, muchoke theka la kilomita, muyambirenso kuwasaka ngati simunawaonepo. Kawiri konse. Anthu amalipira ndalama kwa alangizi kuti awaphunzitse kuugwira mtima. Kuno maphunzirowo ndi aulere, ndipo mphunzitsi wake satopa, sapsa mtima, sapita kutchuthi.

Nsanje ali nayo, koma ndi nsanje yomanga banja. Kachida kaja kamasunga mtundu umodzi wokha pa nthawi imodzi. Tinene kuti mwatapa kawiri, lachitatu likukuzembani, dzuwa likupendeka, batire la suti likutsika. Pafupi pomwepo paima chitsamba cha Frutexa, chokongola, chosavuta kuona, china chili apo, chinanso uko. Chala chimayabwa. Mukangodina kuti mutape chitsambacho, zonse zomwe munatapa kwa a Bakiteriya zafufutika, mwabwerera poyambira. Ambiri apa amatukwana. Koma tanenani zoona, ndi gemu iti ina yomwe inakuphunzitsanipo kumaliza zimene mwayamba musanayang'ane kumbali?

Tsopano tifike pa nkhani imene adani awo amaikonda, ya malipiro. Zotapazo zimagulitsidwa ku Vista Genomics, ofesi yopezeka m'masiteshoni. Bacterium Aurasus, Acies ndi Vesicula aliyense amagulidwa makirediti 1 miliyoni. Stratum Tectonicas, amene ndi wosavuta kumuona, amagulidwa 19,010,800. Mukakhala woyamba kutapa chamoyocho pa pulaneti limenelo, malipiro amachulukitsidwa kasanu, moti Stratum mmodzi amakupatsani zoposa 95 miliyoni pamene a Bakiteriya akukupatsani 5 miliyoni. Masamu ake ndi omveka, akutero adaniwo: kutaya ola pa banga n'kupusa.

Taonani tsono zimene masamuwo amamuchita munthu. Amatsegula webusaiti ya Spansh, n'kutenga mndandanda wa mapulaneti amene ena anapezapo kale Stratum. Amatera, kutapa, kunyamuka, kutera, kutapa, kunyamuka. Sayang'ana mphete za pulaneti lalikulu zikutuluka kuseri kwa phiri, alibe nazo nthawi. Posakhalitsa ali ndi mabiliyoni, wagula zombo zonse zimene ankazilota, ndipo sabata yotsatira akudandaula kuti gemuyi yatha kukoma. Anachoka kwawo kuti akafufuze zakuthambo, koma wathera pa ganyu. Wotsatira a Bakiteriya matenda amenewa samugwira. Salemera msanga, choncho sakhuta msanga. Ndiponso tsoka likagwa amalira pang'ono. Mugemuyi zonse zomwe mwatapa zimatayika mukafa musanazigulitse, paja fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Pulaneti lina limakoka mwamphamvu kuposa mmene mumaganizira, chombo n'kumenyetseka pansi. Wa Stratum amazimitsa kompyuta n'kukagona ndi njala. Wa a Bakiteriya amangoseka, wataya zingati?

Musaganize kuti ndi banja la amphawi okhaokha. Alipo Bacterium Informem, wa kumaiko a mpweya wa nitrogen, amene amagulidwa 8,418,000. Naye sadzionetsera. Wagona pansi chimodzimodzi abale ake.

Koma chifukwa chachikulu chowalemekezera n'chakuti mugemu yonseyi, yodzadza ndi zombo zothamanga kuposa kuwala, iwo okha ndi amene sanama. Dziko lathu lino lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni. Zizindikiro za moyo m'miyala ya ku Pilbara, ku Australia, ndi za zaka pafupifupi 3.5 biliyoni zapitazo, ndipo kwa nthawi yaitali kwambiri kuchokera pamenepo kunalibe nsomba, kunalibe mtengo, kunalibe nyerere. Kunali tizamoyo tosaoneka ndi maso, tina titayalana m'madzi osaya, monga momwe tizamoyo totere tikuchitirabe lero ku Shark Bay m'dziko lomwelo. Mpweya umene mukupuma pano anayamba kuudzadza m'mlengalenga ndi mabakiteriya, zaka 2.4 biliyoni zapitazo. Mlendo wochokera kunyenyezi zina akanati atere kuno pa tsiku longolotera m'mbiri ya dziko lino, mwayi waukulu ndi wakuti akanapeza chamoyo chamtundu womwewu, chogona pansi. Mwina nayenso akanatsonya n'kudumphira kwina, osadziwa kuti wanyoza agogo a njovu.

Asayansi enieni akusakanso banga lomweli, ndipo akuvutika kuposa inu. Mu 1976 bungwe la NASA linateretsa zombo ziwiri za Viking pa Mars kuti zikayese dothi, ndipo zotsatira zake anthu akutsutsanabe mpaka lero. Mu 1996 mwala wochokera ku Mars umene unatoledwa ku Antarctica, wotchedwa ALH84001, unaimiritsa Pulezidenti Bill Clinton pamaso pa atolankhani, chifukwa cha timizere timene ena ankati ndi zotsalira za tizamoyo. Ambiri mwa akatswiri anadzakana. Mu February 2021, miyezi itatu Odyssey isanatuluke, galimoto ya Perseverance inatera m'chigwa cha Jezero. Mu July 2024 inapeza mwala umene anaupatsa dzina lakuti Cheyava Falls, wokhala ndi timadontho tating'onoting'ono, ndipo akatswiri akulankhula mosamala kwambiri: mwina ndi ntchito ya tizamoyo takale, mwina ayi. Kachidutswa ka mwalawo kakadali ku Mars komweko m'kachubu, kudikira wokakatenga. Anthu amenewa agwiritsa ntchito madola mabiliyoni ndi zaka za moyo wawo kuti aone timadontho. Mutawapatsa banga lamoyo lotambalala mamita angapo, lija mumalidutsa mukutukwanali, akhoza kukomoka ndi chimwemwe.

Inu amene mukungoyamba kumene, tengani chombo chaching'ono ngati Diamondback Explorer, chotera paliponse. Muziona mphamvu yokoka ya pulaneti musanatsike. Muzitera kumene kuli masana, pamalo athyathyathya, ndipo mamita 500 aja muziwadutsa pachombo, miyendo isakupwetekeni pachabe. Mukaona nambala 1 ija, tsikani mukapereke moni.

Ndipo inu a ku Cambridge, osewera akhala akupempha kuti akuluakuluwa aziwala kapena azioneka patali kuti asamavute kuwapeza. Chonde musawamvere. Musawaike nyali, musawapake utoto, musawakwezere mtengo. Asiyeni momwemo, pa 1 miliyoni ndi mamita 500.